Mawu akuti "brains over brawn" ndi nyama ya nguluwe

Angerezi akafuna kunena kuti nzeru zimaposa mphamvu amati "brains over brawn". Liwu loyambalo ndi ubongo, ndipo silivuta, koma lomalizalo lili ndi mbiri imene ambiri mwa olitchula saidziwa.

M'chaka cha 1066, William wa ku Normandy, dera la ku France, anagonjetsa mfumu Harold ya ku England pa nkhondo ya ku Hastings, ndipo kuyambira pamenepo olamulira dziko la England anali anthu olankhula Chifalansa. Mawu ambiri a Chifalansa analowa m'Chingerezi nthawi imeneyo, makamaka a zakudya za patebulo la mabwana, ndipo limodzi mwa iwo linali "braon", kutanthauza mnofu, nyama yopanda fupa. Angerezi analisandutsa "brawn" n'kumalitchula ponena nyama ya nguluwe kapena ya nkhumba. Mpaka lero ku Britain kuli chakudya cha dzina lomweli: amaphika mutu wa nkhumba mpaka nyama itayoyoka pamafupa, n'kuisiya kuti izizire m'msuzi wake, ndipo ikagwirana amaidula m'mapisi ngati buledi.

Kuchokera pa mnofu wa chinyama, liwuli linayamba kunena minofu ya m'manja ndi m'miyendo ya munthu, kenaka mphamvu zake. Apa ndi pamene ine mawuwa amandipweteka, chifukwa akamanenedwa mosasamala, munthu wogwira ntchito ya manja, kaya ndi womanga kapena wonyamula katundu, amasanduka nyama chabe, ngati kuti kuimika khoma mowongoka sikufuna mutu.

Ku Oxford, pa Queen's College, sukulu yaukachenjede imene inakhazikitsidwa mu 1341, chaka chilichonse nyengo ya Khirisimasi amalowetsa mutu wa nguluwe m'chipinda chodyera, uli pambale yaikulu, anthu akuimba. Nthano imene amaifotokoza pamwambowu imati wophunzira wina ankayenda m'nkhalango ya Shotover akuwerenga buku la Aristotle, katswiri wa nzeru wakale wa ku Greece, ndipo mwadzidzidzi nguluwe inamuthamangira mano ali pamtunda. Mnyamatayo analibe mkondo kapena ndodo, choncho anakankhira bukulo kukhosi kwa chilombocho mpaka chinatsamwa n'kufa. Ofotokoza amaitenga nthanoyi ngati kupambana kwa maphunziro, ngakhale kuti buku lija silikanafika kukhosi kwa nguluwe popanda dzanja lolimba lolikankha.