Mkangano wa netiweki pa msika wa Lizulu unayambira kutali

Tsiku la msika pa Lizulu netiweki imalemera. Wogulitsa kachewere amakhala akudikira uthenga wa ndalama yomwe wogula akulumbira kuti watumiza kale, ndipo posakhalitsa mkangano umabuka: ena amati makampani amachita dala kuti bandulo ithe isanagwire ntchito, ena amati vuto ndi kuchuluka kwa anthu. Funso limeneli linavutitsa akatswiri a masamu mafoni am'manja asanabwere.

Mu 1948 Claude Shannon wa ku Bell Labs, ku America, anasonyeza kuti njira iliyonse yodutsa uthenga ili ndi malire. Malirewo amadalira kukula kwa mafunde a wailesi omwe wapatsidwa ndiponso mphamvu ya uthenga poyerekeza ndi phokoso. Koma iye ankawerengera wotumiza mmodzi ndi wolandira mmodzi, pomwe nsanja ya netiweki imamvera msika wonse.

Ku Hawaii ndiko nkhani ya otumiza ambiri inayesedwa. Mu 1971 Norman Abramson ndi anzake analumikiza makompyuta a pazilumba ndi wailesi, n'kuitcha ALOHAnet. Lamulo lake linali lophweka: tumiza nthawi iliyonse, uthenga wako ukawombana ndi wa mnzako udikire pang'ono n'kutumizanso. Zinkayenda, koma mowononga, chifukwa mwa magawo 100 a zomwe njirayo ikanatha kunyamula, 18 okha ndiwo ankagwira ntchito. Nthawi ikadulidwa m'timagawo tofanana, chiwerengerocho chinkakwera kufika pa 37.

Malire enieni a otumiza ambiri anawapeza ndi akatswiri ena, Rudolf Ahlswede mu 1971 ndi Henry Liao mu 1972. Wotumiza aliyense ali ndi malire ake, komanso onse pamodzi ali ndi malire amodzi omwe sangawadutse. Chomwe chimandidabwitsa ine n'chakuti kupatsana mpata si nthawi zonse kumapindula kwambiri. Pabwalo la milandu mfumu imaletsa anthu kuyankhulira limodzi chifukwa khutu silingamve awiri. Makina angathe: amamva kaye wa mawu okweza, n'kuchotsa mawu akewo, otsalawo n'kukhala a wonong'ona uja. Komabe ngakhale mphamvu ya mafoni onse iwirikize kawiri, malire a onse pamodzi amangokwera pang'ono, choncho anthu akachuluka gawo la aliyense limachepa.

Netiweki ya GSM (ya 2G) yomwe inafika ku Malawi m'zaka za m'ma 1990 inasankha kupatsana mpata basi, timagawo 8 ta nthawi pa mafunde okula 200 kHz (kHz ndi muyeso wa mafunde). Pa 3G mafoni amayankhulira limodzi, iliyonse ndi chizindikiro chake, ndipo yomwe ili pafupi ndi nsanja imauzidwa kutsitsa mphamvu kuti isaphimbe yakutali. Pa 4G nsanja ndiyo imagawa nthawi ndi mafunde, ka 1,000 pa sekondi.

Ndiye odzudzula makampani aja akulakwitsa? Osati kwenikweni. Masamu amaika malire pa nsanja imodzi, koma kuchuluka kwa nsanja amasankha ndi eni ndalama, ndipo mafunde amagawa ndi MACRA, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1998. Pa Lizulu pali chinanso. Msewu wa M1 umayenda m'malire a dziko, moti foni nthawi zina imakoka netiweki ya ku Mozambique. Nsanja ya tsidya linalo ikagwiritsa ntchito mafunde ofanana ndi a kuno, m'masamu a Shannon imawerengedwa ngati phokoso, n'chifukwa chake maiko oyandikana amakambirana kagawidwe ka mafunde a m'malire.