Kamera za medium format: kuchoka pa mpukutu wa filimu kufika pa sensa

Funso limene ndimakumana nalo kawirikawiri ku situdiyo kuno ku Kasungu ndi ili: foni yanga ili ndi ma megapixel 108, nanga bwanji tikakulitsa chithunzi chake kuti tipachike pakhoma, tsitsi limaphatikana ndipo nkhope imasalala mpaka munthu kusiya kuoneka ngati iyeyo? Ena mwa ofunsawo amakhala atanyamulanso chithunzi chaukwati wa makolo awo, chopanda mitundu, cha mbali zinayi zofanana, pomwe ungawerenge mabatani a jekete ndi kuona ulusi wa duku. Chakalecho chimaposa chatsopano chifukwa cha chinthu chimodzi chimene otsatsa mafoni satchula: kukula kwa malo amene amagwira kuwala mkati mwa kamera. Mbiri yonse ya kamera zotchedwa medium format yagona pamenepo.

Kamera iliyonse ndi bokosi lamdima, lenzi kutsogolo, kumbuyo chinthu chogwira kuwala. Kale chinthucho chinali filimu, lero ndi sensa, kachipangizo kamagetsi kodzaza timadontho togwira kuwala; timadontho miliyoni imodzi ndiye megapixel imodzi. Ojambula oyenda panjinga amene ambirife tidawaona m'maukwati ndi pa maubatizo ankagwiritsa ntchito filimu ya 35mm, yotulutsa zithunzi 36, chilichonse cha mamilimita 24 kwa 36. Kunalinso makamera akuluakulu aja ofunditsa nsalu yakuda kumutu, olowetsa filimu imodziimodzi ya mainchesi 4 kwa 5 kapena kuposa. Medium format ili pakati pa ziwirizi. Filimu yake imatchedwa 120, ndipo kampani ya Kodak idaitulutsa mu 1901 pofuna kamera yotsika mtengo ya Brownie No. 2. Mpaka lero ikupangidwabe.

Mpukutu wa 120 sukhala m'kachitini. Filimuyo, yotambalala pafupifupi masentimita 6, imamatidwa pa pepala lalitali losalola kuwala, kenako zonse n'kuzikulunga pamodzi. Papepalapo pali manambala. M'makamera akale kwambiri munali kawindo kofiira kumbuyo, ndipo wojambula ankapukusa pang'onopang'ono akusuzumira mpaka nambala yotsatira itaonekera. Mpukutu ukatha ankautulutsa atautsina kuti usamasuke, n'kunyambita kapepala ka guluu, n'kumata. Kuchuluka kwa zithunzi kunkadalira kamera: ya 6x4.5 (kukula kwa chithunzi m'masentimita) inkapereka 15 kapena 16, ya 6x6 inkapereka 12, ya 6x7 khumi, ya 6x9 zisanu ndi zitatu zokha. Munthu wokhala ndi zithunzi 12 m'manja sadina mwachisawawa. Amayamba wakonza kolala ya mkwati, kuchotsa ndowa imene ikuonekera kumbuyo, kudikira mwana asiye kulira.

Negetivi ya 6x6 imakhala mamilimita 56 mbali zonse, kutanthauza kuti malo ake amaposa a 35mm katatu ndi theka. Mukafuna chithunzi cha theka la mita mbali iliyonse, negetivi yaikuluyo muikulitsa pafupifupi ka 9, pomwe ya 35mm muyenera kuikoka kuposa ka 20. Pokulitsapo timadontho ta filimu timakula nawo, kalikonse kolakwika kamakula nawo. N'chifukwa chake zithunzi zakalezo khungu limaoneka lamoyo, kuwala kukuchoka pamphumi kutsikira kutsaya mosadumpha.

Kamera imene idatchukitsa filimu imeneyi pakati pa akatswiri ndi Rolleiflex, yopangidwa ndi Franke & Heidecke ku Braunschweig m'dziko la Germany kuyambira 1929. Ili ndi malenzi awiri osanjikizana, lapamwamba loonera, lapansi lojambulira. Siuiika padiso ayi. Umaigwira pamimba, kutsegula kachivundikiro kapamwamba, n'kuwerama kuyang'ana pagalasi pomwe chithunzi chonse chimaonekera, koma chotembenuka: munthu akasunthira kumanja, pagalasipo apita kumanzere. Wophunzira amavutika nazo masiku oyamba. Koma ine ndimati kagwiridwe kameneka kali ndi ulemu wake. Wojambula amakhala wowerama pamaso pa amene akuwajambula, nkhope yake yosabisika, akucheza nawo. Agogo amene amauma thupi akalozedwa ndi kamera yapadiso amamasuka. Komanso poti lenzi ili m'munsi, munthu amatuluka wamtali, wolemekezeka. Malick Sidibé wa ku Bamako m'dziko la Mali, amene mu 2003 adalandira mphoto ya Hasselblad Award, adajambula anthu ambiri a mu situdiyo yake ndi kamera ya mtundu umenewu. Makampani ena adatengera kapangidwe komweko pamtengo wotsikirapo, monga Yashica ya ku Japan ndi Seagull ya ku Shanghai.

Nzeru imene idadzapulumutsa medium format patapita zaka zambiri idachokera ku Göteborg m'dziko la Sweden. Victor Hasselblad adatulutsa kamera yake ya 1600F mu 1948, kenako 500C mu 1957. Kamera imeneyi imagawika: lenzi payokha, bokosi lapakati palokha, choonera pachokha, ndiponso kabokosi kakumbuyo konyamula filimu pakokha. Ukalowetsa kachitsulo kopyapyala pakati pa filimu ndi bokosi, ungachotse kumbuyoko mpukutu usanathe popanda kuwononga chithunzi ndi chimodzi chomwe, n'kuikapo kabokosi kena ka filimu yamitundu. Amene adapita kumwezi pa ulendo wa Apollo 11 mu 1969 adatenga Hasselblad, ndipo pobwerera adangochotsa kabokosi ka filimu, kamera imene adajambulira panjapo n'kuisiya komweko kuti achepetse katundu. A ku Japan adabwera ndi zawo: Pentax 6x7 mu 1969 ndi Mamiya RB67 mu 1970. RB67 imalemera kuposa makilogalamu awiri, ndipo m'malo mopendeketsa kamera yonse kuti ujambule munthu woimirira, umangozunguza kabokosi kakumbuyo.

Dijito itabwera, idalowera pa khomo lomwelo lakumbuyo. Panalibe chifukwa chopangira kamera yatsopano. Akatswiri adangopanga kabokosi kokhala ndi sensa kolowa pomwe pankakhala filimu. Koyamba kudziwika bwino kanali Leaf DCB kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, ka ma megapixel 4 okha. Kuti kapereke mitundu kankajambula katatu, kudzera m'galasi lofiira, lobiriwira ndi labuluu, kompyuta n'kuphatikiza zitatuzo. Kampani ya Phase One, imene idayamba ku Denmark mu 1993, idapanga timabokosi toyenda mzere ndi mzere monga amachitira makina a sikana, chithunzi chimodzi n'kutenga mphindi zingapo. Zonsezi zinkafuna chinthu chosagwedezeka komanso chingwe cholumikiza ku kompyuta. Zinkajambula nsapato, mabotolo ndi mipando ya m'makatalogi. Munthu wophethira sizikanamutha.

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 kudabwera timabokosi tojambula kamodzi n'kwi, ndipo manambala adayamba kukwera: Phase One P25 ya ma megapixel 22 mu 2004, P45 ya 39 chaka chotsatira, P65+ ya 60 mu 2008. Koma mtengo wa kabokosi kamodzi unali madola masauzande makumi angapo. Nthawi yomweyo Canon idatulutsa EOS-1Ds mu 2002 ndi EOS 5D mu 2005, makamera adijito okhala ndi sensa yofanana ndi filimu ya 35mm, opepuka, ofulumira, otsika mtengo kwambiri. Ojambula maukwati ku Ulaya ndi ku America, amene anali msika waukulu wa medium format, ambiri adasamukira ku makamera amenewa. Pofika 2005 mayina olemekezeka a Bronica ndi Contax anali atasiya kupangidwa.

Kudula kwake kuli ndi chifukwa chenicheni. Masensa amadulidwa kuchokera pa chimbale chozungulira cha silikoni. Pa chimbale chimodzi pamatuluka timasensa tambirimbiri ta mafoni, ndipo kachilema kakapezeka penapake umataya kamodzi kokha. Masensa aakulu amatuluka owerengeka, ndiye kachilema komweko kakuwonongera chigawo chachikulu cha chimbale chonse. Filimu inalibe vuto limeneli. Kuikulitsa kunali kungodula motambalala.

Zinthu zidayamba kutembenuka mu 2010 pomwe Pentax 645D ya ma megapixel 40 idagulitsidwa pafupifupi madola 10,000, lenzi padera. Mu 2014 Sony idapanga sensa ya mtundu wa CMOS ya ma megapixel 50, ndipo Phase One, Hasselblad ndi Pentax onse adaigwiritsa ntchito. Masensa akale a CCD ankafuna dzuwa kapena magetsi amphamvu a mu situdiyo, koma atsopanowa adatha kujambula ndi m'tchalitchi mosawala bwino. Mu 2016 Hasselblad X1D idachotsa kalilole wamkati wotumiza chithunzi ku choonera, amene ankagunda ndi kugwedeza kamera, thupi n'kuchepa mpaka kulowa m'chikwama chapaphewa. Fujifilm idatsatira ndi GFX 50S kumayambiriro kwa 2017, kenako GFX 100 ya ma megapixel 102 mu 2019, yokhala ndi makina oletsa kunjenjemera kwa manja.

Apa pali mfundo imene ogulitsa amaidutsa msanga. Pochoka pa filimu kubwera pa dijito, medium format idachepa. Masensa ambiri a medium format masiku ano ndi a mamilimita 44 kwa 33. Amaposa a 35mm pang'ono chabe, osafika kawiri, ndipo safika theka la negetivi ya 6x6. Ngakhale sensa yaikulu ya Phase One IQ4, ya ma megapixel 150 imene idatuluka mu 2018, ndi ya mamilimita pafupifupi 53 kwa 40, yongoyandikira 6x4.5, imene inali yochepetsetsa mwa miyeso yodziwika ya filimu ya 120. Zimene dijito idapambana nazo ndi ukhondo wa chithunzi, kufulumira ndi kuona zotsatira pompo.

Komabe mukayerekeza ndi foni, kusiyana n'kwakukulu. Alimi a chimanga amvetsa msanga: ma megapixel ndi mapando, sensa ndi munda. Mutha kupanikiza mapando ambiri pa kadimba kakang'ono, koma phesi lililonse lidzakhala lonyozoloka. Sensa ya foni ya ma megapixel 108 safika sentimita imodzi m'litali, ndipo kadontho kake kalikonse kamachepa kuposa ka 20 poyerekeza ndi ka GFX 100. Kadontho kochepa kamalandira kuwala kochepa. Pofuna kubisa zimenezo, mafoni ambiri otere amaphatikiza timadontho 9 kukhala kamodzi, n'kukupatsani chithunzi cha ma megapixel 12, pulogalamu n'kusalaza zotsalazo.

Phindu la sensa yaikulu limene ine limandikhudza kwambiri ndi la khungu lathu. Imikani mkwatibwi wakhungu lakuda, wovala diresi loyera, panja pa tchalitchi masana a mwezi wa Okutobala. Kamera ikatsata diresi, nkhope ilowa mumdima. Ikatsata nkhope, diresi lipsa, maluwa onse osokedwa aja n'kufufutika. Sensa yaikulu imasunga zonse ziwiri, kuwala ndi mthunzi, ndipo pokonza pa kompyuta ungadzutse nkhope popanda kuichititsa phulusa. Anthu athu ajambulidwa moipa kwa zaka zambiri ndi zipangizo zosaganizira khungu lawo, ndiye nkhani imeneyi siiyenera kupeputsidwa.

Nanga wojambula wa ku Kasungu, ku Santhe kapena ku Nkhamenya aigule? Kwa ambiri yankho langa ndi ayi. Chithunzi chimodzi chosapanikiza cha ma megapixel 102 chimadya pafupifupi 200MB, ndiye bando ya 1GB ithera pa zithunzi zisanu. Pamafunika kompyuta yamphamvu ndi magetsi odalirika. Fumbi lathu la chilimwe likalowa pa sensa kapena china chikafa, kamerayo iyenera kutumizidwa kunja. Zithunzi zambiri zimene timajambula zimathera pa WhatsApp, yomwe imazichepetsa ikamatumiza mwa nthawi zonse. Ngakhale zikwangwani zam'mbali mwa msewu wa M1 sizifuna ma megapixel ochuluka, poti anthu amaziona ali patali. Kamera ya sensa ya 35mm, ngakhale yakaunjika, lenzi imodzi yabwino ndi kudziwa kuimika munthu pamthunzi wowala bwino, zidzasintha ntchito yanu kuposa ngongole ya medium format. Pomwe imagwira ntchito yake yeniyeni ndi pojambula zolembedwa zakale, zosema ndi zojambulajambula zofunika kusungidwa, kapena malo otambalala monga damu la Lifupa ku Kasungu National Park ngati mukufuna chithunzi chodzaza khoma. Kwa mphalapala yothamanga, makamera ang'onoang'ono amaiposa changu komanso malenzi okokera patali.

Makamera akalewo sadafe. Hasselblad idapanga kabokosi kadijito ka CFV II 50C kolowa pa thupi la 500C lopangidwa mu 1957. Koma chuma chimene chili pafupi nafe ndi manegetivi. Mukapeza m'sutikesi ya agogo timapepala takuda toonekera, ta mbali zinayi zofanana, musataye poganiza kuti ntchito yake idatha chithunzi chitatsukidwa. Negetivi imasunga zambiri kuposa kachithunzi kamene kadatsukidwa pa iyo. Ya 6x6 ikaikidwa pa sikana yowalitsa filimu kuchokera kumbuyo, pa mlingo wa 2400 dpi (timadontho 2,400 pa inchi iliyonse), imapereka ma megapixel pafupifupi 28.

Igwireni m'mphepete mokha, osaipukuta ndi nsalu kapena madzi. Iliyonse muiike mu envulopu yakeyake yapepala, osati m'jumbo momwe mumachita thukuta nthawi ya dzinja, ndipo muisunge kutali ndi denga lamalata. Ina ikayamba kununkha ngati viniga, ndiye kuti yayamba kuwonongeka ndipo iwononga zinzake: ipatuleni, ndipo imeneyo ndiyo iyambe kupita ku sikana. Akuluakulu amene akuwadziwa anthu a pa negetiviyo akadalipo, afunseni, ndipo mayina, mudzi ndi chaka muzilembe ndi pensulo pa envulopuyo musanailowetsemo.