Mbewu ya munthu imakhwima m'miyezi itatu: zimene chakudya chingathe ndi zimene sichingathe

Banja likatha chaka chathunthu likukhala malo amodzi popanda kulera, mayi osaima, ife akuchipatala ndi pamene timayamba kufufuza. Kumudzi mlandu umakhala utazengedwa kale ndipo wolakwa atapezeka: ndi mkazi. Apongozi ayankhula, ankhoswe akhalirana pansi, mayiyo wamwa mizu mpaka kutopa. Bambo amafika kuchipatala mochedwa, ngati wafika n'komwe. Chikhalirecho bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2023 kuti munthu mmodzi mwa anthu 6 aliwonse amakumana ndi vuto la kusabereka pa nthawi ina ya moyo wake, ndipo pafupifupi theka la mabanja otere vuto limakhudzanso mwamuna. Choncho nkhani ya chakudya imene ndikulemba pano ndi ya anthu awiri.

Tiyambe ndi abambo. Mbewu ya mwamuna imapangidwa m'machende tsiku ndi tsiku, koma iliyonse imatenga masiku pafupifupi 74 kuti iumbike, kenaka masiku ena angapo ili m'kanjira kopindikapindika kumene imapezera mphamvu zosambira. Zonse pamodzi ndi miyezi itatu, nthawi yofanana ndi yochokera pobzala chimanga mpaka kuyamba kuotcha dowe. Mbewu imene ikutuluka lero inayamba kuumbidwa ndi chakudya, mowa, fodya ndi malungo a miyezi itatu yapitayo. N'chifukwa chake bambo amene wasintha kadyedwe sabata ino asayembekeze zotsatira mwezi wamawa.

Abambo ambiri amandiuza kuti iwo ali bwinobwino chifukwa mphamvu za kuchipinda zilipo ndipo umuna ndi wambiri. Zimenezo ndi zinthu zosiyana ndi kubereka. Gawo lalikulu la umuna ndi madzi ochokera m'tiziwalo tina. Mbewu yeniyeniyo ndi kagawo kochepa kosaoneka ndi maso. Pa muyezo wa WHO wa 2021, timayembekeza mbewu zosachepera 16 miliyoni m'mililita imodzi, ndipo timaonanso ngati zikuyenda komanso ngati zinaumbika bwino. Munthu angatafune gondolosi tsiku lililonse, chilakolako n'kukwera, koma mbewu zili zochepa kapena zaulesi.

Kwa amayi nkhani ndi ina. Mwana wamkazi amabadwa ndi mazira ake onse, pakati pa 1 ndi 2 miliyoni, ndipo pofika potha msinkhu amatsala pafupifupi 300,000 kapena 400,000. Palibe chakudya chimene chimawonjezera mazira. Chimene chakudya chimakhudza ndi kakhwimidwe ka dzira, kamene gawo lake lomaliza limatenganso miyezi ngati itatu, komanso ngati dziralo lituluka mwezi umenewo kapena ayi. Thupi la mayi limawerengera mphamvu zimene lili nazo. Likaona kuti chakudya chikuperewera pamene ntchito yachuluka, ubongo umachepetsa mahomoni otulutsa dzira, msambo n'kuyamba kudumphadumpha kapena kusiyiratu. Kuno ku Angónia, Tsangano ndi Macanga nthawi yoopsa ndi Januwale ndi Febuluwale: nkhokwe zili mbee, mayi akudzukira kukapalira ndi kubandira, akudya kamodzi pa tsiku, mwina akuyamwitsanso.

Mumzinda wa Tete ndi ku Moatize ndimaona vuto lotembenuka. Buledi ndi tiyi wa shuga wambiri m'mawa, tchipisi masana, zakumwa zotsekemera chifukwa cha kutentha, thupi n'kumangokwera. Kunenepa kwambiri kumasokoneza insulini, homoni yoyang'anira shuga m'magazi, ndipo insulini ikasokonekera mazira amalephera kukhwima. Mayi amene msambo wake umalumpha miyezi, akutuluka ziphuphu ndi tsitsi pachibwano, akayezetse matenda otchedwa PCOS. Kwa ambiri a iwo, kutsitsa thupi ndi magawo 5 mpaka 10 pa 100 aliwonse kumabwezeretsa msambo m'malo mwake. Mayi wa makilogalamu 90 akataya 5 kapena 9 zimayamba kusintha. Abambo a mimba yaubwana nawonso amve: mafuta a pamimba amasandutsa gawo la homoni yachimuna kukhala yachikazi, mbewu n'kuchepa.

Tsono tibwere pa mbale. Nsima si mdani. Vuto ndi loti nsimayo imakula, ndiwo n'kukhala zongonyambitira, zamtundu umodzimodzi sabata yonse. Zimene mbewu ndi dzira zimafuna zili m'ndiwo.

Choyamba ndi foleti, vitamini wofunika paliponse pamene maselo akugawikana. Amapezeka mu nyemba, khobwe, nandolo, soya, mtedza, mapeyala, ndi masamba obiriwira monga bonongwe, nkhwani, chisoso ndi khwanya. Koma foleti sapirira moto. Masamba owiritsidwa mpaka kusanduka akuda, madzi ake n'kutayidwa, kapena othiridwa soda ndi chidulo kuti afewe msanga, amafika pa mbale atatha mphamvu. Madzi pang'ono, chivindikiro, mphindi zochepa, nsinjiro pamwamba, basi. Chigwada chokha ndiye chiyenera kusinjidwa ndi kuwiritsidwa mokwanira chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amatha ndi moto.

Pa foleti ndimaumirira chinthu chimodzi chimene masamba okha sangakwanitse. Ubongo ndi msana wa mwana zimatsekeka pofika tsiku la 28 chitengereni pathupi, nthawi imene amayi ambiri angoyamba kumene kukayikira kuti mwina aima. Mwambo wathu wobisa pathupi umachititsa kuti ambiri ayambe sikelo pa miyezi inayi kapena isanu. Pamenepo mapilisi a ayironi otchedwa sal ferroso amathandizabe magazi, koma mwayi woteteza msana wa mwana unapita kale. Mayi amene akufuna mwana ayambe kumwa folic acid, amene ndi foleti wa m'mapilisi, wa mamaikulogalamu 400 tsiku lililonse asanaime, mwezi umodzi kapena itatu m'mbuyo. Pitani kuchipatala mukanene poyera kuti mukukonzekera pathupi. Boma la Mozambique linakhazikitsa lamulo mu 2016 loti ufa wa chimanga ndi wa tirigu wopangidwa m'mafakitale uziwonjezeredwa ayironi ndi folic acid, mafuta ophikira ndi shuga ziziwonjezeredwa vitamini A. Ndi lamulo labwino, koma ufa umene timagayitsa pachigayo cha m'mudzi suwonjezeredwa kanthu, ndipo ambirife timadya umenewo.

Chachiwiri ndi ayironi. Mayi amataya magazi mwezi ndi mwezi, kuwonjezera apo malungo, njoka za m'mimba ndi likodzo. Kulowa m'pathupi magazi ali ochepa kumawonjezera chiopsezo chobereka mwana wosakwana masiku kapena wochepa sikelo. Ayironi wa mu nyama, chiwindi ndi nsomba amalowa m'thupi mosavuta. Wa mu nyemba ndi masamba amafuna womuperekeza, amene ndi vitamini C. Apa dera lathu ndi lodala. Malambe a ku Changara ndi m'chigwa cha Zambezi, masau, magwafa, mandimu, tomato wosapsetsa: chimodzi mwa izi chidyedwe limodzi ndi nsima ya nyemba. Tiyi ndi khofi zimachita zosiyana, zimamanga ayironi m'matumbo, choncho zidikire ola limodzi kapena awiri chakudya chitatha. Chiwindi n'chabwino pokonzekera, koma mayi akaima achepetse chifukwa vitamini A wake ndi wochuluka moti angavulaze mwana. Mbatata yofiira mkati, maungu ndi mango zilibe vuto limeneli.

Zinki ndiye mchere wa abambo makamaka, ngakhale amayi amamufunanso: mamiligalamu 11 pa tsiku kwa mwamuna, 8 kwa mkazi. Akaperewera, homoni yachimuna imatsika ndipo mbewu sipangidwa bwino. Chimanga ndi nyemba zili naye, koma zilinso ndi chinthu china chimene chimamugwira kuti asalowe m'magazi. Makolo athu anali ndi njira zomasulira zimenezi ngakhale sankadziwa dzina lake. Kunyika nyemba usiku wonse n'kutaya madziwo, kumeretsa chimera, kusasitsa thobwa, zonsezi zimachepetsa chomangacho. Nthanga za maungu zokazinga, zimene ambiri amangosiyira nkhuku, zili ndi zinki wambiri. Pa mkangano wa ufa woyera ndi mgaiwa, ine ndili kumbali ya mgaiwa, chifukwa pokonola ndi ponyika mphale timataya gaga ndi mtima wa chimanga mmene muli mavitamini. Koma mgaiwa umapindula kwenikweni ukakhala ndi kandiwo ka nyama kapena nsomba pambali, ngakhale kochepa.

Kandiwo kameneka sikafuna chuma. Kapenta wa ku Cahora Bassa amadyedwa yense, mutu, minga ndi zam'kati, ndipo mmenemo ndi mmene muli kashiamu, ayironi, zinki ndi B12, vitamini amene sapezeka m'zomera. Kadzanja kamodzi kothira m'masamba kawiri kapena katatu pa sabata kamasintha zambiri. Ngumbi, ziwala, mphalabungu ndi mbewa ndi ndiwo zenizeni, musachite nazo manyazi. Mazira nawonso. Chikhulupiriro choti mkazi akadya mazira sabereka kapena abereka mwana wopanda tsitsi chilibe maziko, changomana amayi chakudya chimene chili pakhomo pawo pomwe. Mbuzi ya ku Tete ndi yotchuka mpaka ku Maputo, koma m'makomo ambiri imaphedwa pamaliro ndi paukwati pokha. Ndipo nkhuku ikaphedwa tonse timadziwa kagawidwe kake: nthutumba, chiwindi ndi ntchafu kwa abambo, mayi n'kutsala ndi khosi ndi msuzi. Pa banja limene likufuna mwana, kagawidwe kameneka kasinthe.

Mchere wothira m'ndiwo ukhale wa ayodini. Madera a m'mapiri akutali ndi nyanja yaikulu ngati athu amakhala ndi ayodini wochepa m'nthaka, ndipo akasowa, chithokomiro chimasokonekera, msambo umasokonekera, kupita padera kumachuluka. Mcherewo muzisunga m'chitini chotseka, kutali ndi moto.

Pali chizolowezi china chimene chimandidetsa nkhawa. Posankha mtedza, wabwino wonse umapita m'thumba la kumsika, ndipo wofota, wosweka ndi wachuku umatsala m'lichero kuti usinjidwe nsinjiro za pakhomo. Chimodzimodzi chimanga chowola kunsonga, chimene ena amati n'chophikira mowa. Chuku chimenechi chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin amene satha ndi kuphika. Amawononga chiwindi, ndipo pa ziweto waonetsa kuti amawononganso mbewu yachimuna. Mtedza wowawa mkamwa ulavuleni, wotsalawo musankhenso.

Pa zoyenera kusiya sindichedwapo. Fodya, kaya wa ndudu kaya wa chingambwe chopichira m'pepala, amachepetsa mbewu ndi kuwononga uthenga wa chibadwa umene yanyamula, ndipo kwa amayi amafulumizitsa kutha kwa mazira. Chamba chimodzimodzi. Kachasu ndi nipa za tsiku ndi tsiku zimatsitsa homoni yachimuna, komanso zimadya ndalama ya kapenta. Mayi amene akuyesa kuima asiyiretu mowa. Opopera mankhwala m'minda ya fodya ndi thonje avale zodzitetezera ndi kusamba akangomaliza. Machende amafuna kuzizira ndi madigiri 2 kapena 3 kuposa thupi lonse, n'chifukwa chake ali kunja. Madalaivala a magalimoto akuluakulu a pa msewu wa Zóbuè ndi Cuchamano, amene amakhala pampando wotentha tsiku lonse mu Okutobala pamene Tete imapitirira madigiri 40, azitsika kuwongola miyendo ndi kuvala zosathina. Malungo otentha thupi kwambiri amatsitsa mbewu kwa miyezi iwiri kapena itatu kenaka imabwerera, ndiye neti ndi gawo la nkhani yomweyi.

Nanga mabotolo a mavitamini a ubereki amene akugulitsidwa pa Facebook ndi WhatsApp ndi mameticais ambirimbiri? Ku United States anayesa mabanja 2,370, abambo ena akumwa zinki ndi folic acid kwa miyezi 6, ena akumwa mapilisi opanda mankhwala. Zotsatira zinatuluka mu 2020: mbewu sinasinthe, ndipo ana obadwa sanachuluke. Mapilisi amathandiza munthu amene akuperewera chinthucho. Amene ali nacho kale amangotaya ndalama. Umboni wa kadyedwe konse ndi wolimbikitsa kuposa wa botolo. Kafukufuku wa ku Harvard wa 2007, amene anatsatira anamwino oposa 17,000 kwa zaka 8, anapeza kuti amene ankadya kwambiri za m'gulu la nyemba, zakudya zosapuntha ndi mafuta a zomera ankavutika mochepa ndi kusatulutsa mazira. Anali amayi a dziko lina, ndipo kafukufukuyo anangoonetsa kuti zinthuzi zimayendera limodzi, koma mbale imene ankafotokoza ikufanana kwambiri ndi mgaiwa, nyemba ndi nkhwani wotendera.

Pomwe chakudya chimalekezera ndi apa. Kuno ku Africa kusabereka kwa amayi ambiri kumachokera ku kutsekeka kwa njira za mazira, chifukwa cha chinzonono ndi matenda ena opatsirana pogonana amene sanachizidwe bwino, matenda obwera pambuyo pobereka kapena kupita padera, ndiponso likodzo, limene limafika mpaka m'chiberekero mwa amene amachapa ndi kusamba m'madzi odikha. Njira yotsekeka sitseguka ndi nsinjiro kapena malambe. Mitsempha yotupa ya m'machende imafuna dokotala. Zaka nazonso sizibwezedwa ndi ndiwo, ndipo mazira amatsika msanga mayi akapitirira zaka 35.

Choncho sinthani mbale lero, koma musadikire mbale yokha. Chaka chikatha, kapena miyezi 6 ngati mayi wapitirira zaka 35, kapena msanga ngati msambo ndi wosalongosoka, bwerani nonse awiri. Kuyeza bambo n'kosavuta ndipo sikupweteka: amadziletsa masiku 2 mpaka 7, n'kupereka umuna m'kabotolo koyera. Zotsatira zikakhala zosakondweretsa sitigamula ndi ulendo umodzi. Timafunsa za malungo, mowa ndi chakudya cha miyezi yapitayo, n'kumupatsa tsiku lodzayezanso pakatha miyezi itatu.