Nsomba Kawiri pa Sabata: Ubwino Wake ndi Malire Ake

Munthu wamkulu azidya nsomba kawiri pa sabata, magalamu pafupifupi 140 nthawi iliyonse, kapena tinene nthuli yodzaza chikhatho chake. Kamodzi mwa maulendo awiriwo ikhale nsomba yamafuta monga sardine, mackerel, herring kapena salmon.

Mafuta a nsomba zimenezi ali ndi omega-3 wa mitundu iwiri, EPA ndi DHA, yemwe thupi palokha limapanga wochepa kwambiri. Amatsitsa mafuta otchedwa triglyceride m'magazi ndipo amateteza mtima. DHA ndiye amamanga ubongo ndi maso a mwana wosabadwa, makamaka m'miyezi itatu yomaliza ya pakati. M'magalamu 100 a nsomba muli mapuloteni pafupifupi magalamu 20, komanso mavitamini D ndi B12. Nsomba za m'nyanja yamchere zili ndi ayodini, amene akasowa m'thupi munthu amatupa chithokomiro. Tinsomba ting'onoting'ono todyedwa ndi minga yomwe musatiderere: kashiamu wolimbitsa mafupa ali m'mingamo.

Nanga bwanji osangodya nsomba iliyonse mmene tingathere? Vuto ndi mercury. Poizoni ameneyu amalowa m'madzi, kansomba kakang'ono n'kumeza pang'ono, nsomba yaikulu n'kudya tinsomba tambirimbiri totere kwa zaka zambiri, ndipo amangounjikana m'mnofu mwake. Kuphika, kuwotcha kapena kuumitsa sikumuchotsa. Kuopsa kwake kunaonekera ku Minamata m'dziko la Japan mu 1956, pamene anthu odya nsomba za m'madzi otayiramo zoipa za fakitale anayamba dzanzi, kudzandira ndi kulephera kulankhula bwino. N'chifukwa chake amayi oyembekezera, oyamwitsa ndi ana apewe nsomba zikuluzikulu za m'nyanja yamchere izi: shaki, swordfish, marlin ndi king mackerel (mtundu waukulu wa mackerel, wosiyana ndi mackerel wamba). Koma asasiye nsomba zonse, chifukwa kutero n'kumana mwana DHA. Mayi woyembekezera adye magalamu 225 mpaka 340 pa sabata a nsomba zing'onozing'ono.

Kaphikidwe kangawononge zabwino zonsezi. Kuwiritsa kapena kuwotcha kumaposa kukazinga m'mafuta ambiri. Nsomba yapsa ngati mnofu wayera mpaka mkati n'kumanyenyeka mosavuta, pomwe pakati pake pafika madigiri 63 a Celsius. Nsomba yamchere muyambe mwainyika m'madzi n'kutaya madziwo, pakuti bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati mchere usafike magalamu 5 pa tsiku. Yaiwisi ikhale mu firiji kapena pa ayezi, ndipo iphikidwe pasanathe masiku awiri. Tuna ndi mackerel zikakhalitsa pamalo otentha zimapanga mankhwala odwalitsa otchedwa histamine, amenenso moto sumuwononga: pakangopita mphindi zingapo wodyayo nkhope imatentha, mutu kuwawa, mtima kuthamanga. Wina akadya nkhanu kapena shrimp n'kuyamba kutupa milomo ndi kubanika, muthamangire naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Kwa Mkhristu, nsomba si chakudya chokayikitsa. Yesu atauka kwa akufa anadya chidutswa cha nsomba yowotcha pamaso pa ophunzira ake (Luka 24:42-43). Mipingo ina imatsatirabe Levitiko 11:9-12 n'kumadya zokhala ndi zipsepse ndi mamba zokha, pomwe ina imawerenga Marko 7:19 n'kumadya zonse. Aroma 14:3 amaletsa mbali zonse ziwiri kunyozana, ndipo pa zaumoyo wosiya nkhanu sataya kanthu, popeza sardine ndi salmon zili ndi mamba. Chimene Malemba amalimbikira ndi kudziletsa, komwe Agalatiya 5:23 amakuika pakati pa zipatso za Mzimu. Miyambo 25:16 imachenjeza wopeza uchi kuti adye womukwanira, angasanze. Taonani kuti chenjezolo likunena za chakudya chabwino, osati choipa. Pa nsomba, womukwanira munthu ndi nthuli ziwiri zija pa sabata, ndipo za mwana zichepe malinga ndi kukula kwa chikhatho chake, minga ikuluikulu itachotsedwa.