Ogwira ntchito m'chipatala nawonso amadwala maganizo

Ndatopa nawo mawu akuti "inu a kuchipatala munazolowera." Amawanena achibale a odwala, amawanena mabwana, ndipo anamwino eniake amauzana okhaokha pamene mnzawo wabisala m'kachipinda akulira. Dzanja limazolowera kubaya jakisoni, inde. Koma ine ntchito yanga ndi yopereka uphungu, ndipo sindinaonepo munthu amene anazolowera kuuza bambo kuti mkazi wake watisiya pochira.

Mu 2019 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO linafotokoza za burnout kuti ndi vuto lobwera chifukwa cha kupanikizika kwa pantchito kosathetsedwa, ndipo limaoneka motere: munthu amatheratu mphamvu, amaipidwa ndi ntchito yake, ndipo sagwiranso bwino monga kale. Namwino uja mumamunena kuti ndi wamwano, woyankha mokalipa, nthawi zina ali pamenepa. Sindikuikira kumbuyo mwano ayi. Ndikungoti kumudzudzula kokha sikungamuchiritse, monganso msonkhano wa tsiku limodzi wophunzitsa "kupirira" sungathandize munthu amene akuyang'anira wodi yonse yekha usiku ndi usiku. Gwero lake lili m'kagawidwe ka ntchito, ndiye akonze ndi oyang'anira. Malangizo amene WHO inatulutsa mu 2022 amanena kuti mabwana aphunzitsidwe kuzindikira ndi kuthandiza wantchito amene wapsinjika. Ndipo asaiwale okolopa, onyamula odwala ndi a kumochale, amene amaona zomwezo koma palibe amawafunsa.

Pali mzamba wina amene nkhani yake imandisowetsabe mtendere. Mayi anamwalira m'manja mwake atataya magazi ambiri. Kafukufuku anapeza kuti sanalakwitse chilichonse, koma iye tulo tinathawa. Akangotseka maso ankaona nsalu zija zitanyowa, akamva fungo la mankhwala okolopera mtima unkagunda ngati uphulika. Anayamba kusinthana ndi anzake kuti asalowe m'chipinda chija. Kenako anatenga diazepam, mankhwala ogonetsa, kamodzi kokha kuti agone. Mmene ankafika kwa ine n'kuti akumwa tsiku lililonse, manja akunjenjemera akapanda kumwa. Anzake onse ankadziwa. Ankamuphimbira pa shifiti, akuganiza kuti akumuchitira chifundo. Nditamufunsa chimene anachedwera, anayankha chapansipansi kuti ankaopa kuti fayilo yake idzawerengedwa ndi anthu amene amamwa nawo tiyi. Mantha amenewo ndi omveka, ndipo chipatala chimene sichinakonze njira yoti antchito ake azithandizidwa mwachinsinsi, ngakhale ku chipatala china, chikuwakankhira ku kabati ya mankhwala.

Tsono mverani, inu anzanga ovala yunifolomu. Kudziwa dzina la mankhwala sikukupatsani chilolezo chodzilembera. Diazepam sachiza mantha obwera pambuyo pa zoopsa, amangogonetsa, ndipo thupi limamuzolowera m'milungu yochepa. Amene wamwa nthawi yaitali asasiye mwadzidzidzi, angathe kukomoka. Amachepetsa pang'onopang'ono moyang'aniridwa ndi dokotala. Za mowa ndi pethidine, mankhwala amphamvu oletsa ululu, sindinena zambiri, mukudziwa kumene zimathera.

Kusokonezeka masiku oyambirira pambuyo pa imfa yowawa si matenda, ndipo musakakamize munthu kufotokoza zonse pagulu tsiku lomwelo. Koma maloto oopsa ndi kuthawa malo aja zikapitirira mwezi, pitani mukaonedwe. Kukhumudwa ndi kusasangalala ndi chilichonse zikatha milungu iwiri, pitani. Maganizo odzipha akabwera, ndi lero lomwe, osati mukamaliza shifiti. Mnzanu mukamukayikira mufunseni mosabisa ngati akuganiza zodzipha. Funsolo silimuika maganizowo m'mutu.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi kuona munthu wophunzira za mankhwala akugula timabotolo ta "mankhwala a stress" kwa wogulitsa wa pa Facebook, amene sanganene zimene wathiramo. Enanso amauzidwa kuti ataye mankhwala poti apemphereredwa. Pempherani ndithu, koma mankhwala musasiye. Mankhwala a matenda okhumudwa monga fluoxetine kapena amitriptyline amatenga milungu ingapo asanayambe kuoneka mphamvu yake, ndipo onyengawa amakupezani m'milungu yodikirayo, n'kukuuzani kuti achipatala alephera. Mukaona kuti simukusintha, bwererani kwa amene anakulemberani akaonenso mlingo wake.