Zinyalala zimaonongeka pomwe tazisakaniza

Ntchito yanga ndi yoona za zinyalala, ndipo funso lomwe anthu amakonda kundifunsa ndi loti kodi kusankhula zinyalala pakhomo kuli ndi phindu lanji poti zonse zimakathera kumtaya komweko. Ndi funso labwino ndithu, koma kuti tiyankhane bwino tatsegulani kaye bini yanu muone zomwe zilimo.

Zambiri si pulasitiki ayi. Ndi zowola, makoko, masamba ofota, zotsala m'mbale, udzu ndi zosesa pabwalo. Lipoti la World Bank la 2018 lidapeza kuti dziko lonse lapansi limatulutsa zinyalala za m'makomo ndi m'mizinda zoposa matani 2 biliyoni pachaka ndipo 44 pa 100 alionse ndi zakudya ndi zomera, m'mayiko osauka gawo limeneli limaposa theka. Lipoti lomwelo likuti tikapitiriza chonchi pofika 2050 tidzakhala tili pa matani 3.4 biliyoni.

Ndiye zowolazi ndi zonyowa, ndipo chonyowa chimapha china chilichonse chomwe chagona nacho mu bini imodzi. Katoni youma ndi katundu, fakitale itha kuigaya nkupanga katoni ina, koma ikangomwa madzi a zowola ndi mafuta basi yatha ntchito, palibe angailandire. Botolo likaswekera m'kati mwa mapepala mtolo wonse waonongeka komanso amene amatola kumtaya ndi manja uja ndiye amachekeka. Anthu amenewa timawayang'ana monyoza koma m'mizinda yambiri padziko pano ndi iwowo amene akupulumutsa zitsulo, mabotolo ndi makatoni, ife tikumawapatsa ntchito yofukula m'zonunkha zomwe tikadangoika padera tokha osataya ndi mphindi zomwe.

Zowola zikafika kumtaya nkukwiririka pansi pa zinzake zimasowa mpweya, ndiye m'malo mosanduka manyowa zimatulutsa gasi wotchedwa methane. Gasi ameneyu pa zaka 20 zoyamba amatenthetsa dziko kuwirikiza pafupifupi ka 80 kuposa carbon dioxide, mpweya womwe umatuluka tikaotcha nkhuni, makala kapena mafuta, komanso amayaka, nchifukwa chake mitaya yambiri imangofuka utsi miyezi ndi miyezi olo pasakhale woyatsa lero. Mvula ikagwa madzi amasefekera m'mulu wonsewo nkutuluka pansi ali akuda bii, atatenga dzimbiri, mankhwala ndi tizilombo, ndipo amalowa m'nthaka kukakumana ndi madzi a m'zitsime. Mulu ukakula kwambiri umagumuka. Mu 2017 mtaya wa Koshe ku Addis Ababa m'dziko la Ethiopia udagumukira nyumba za anthu ndipo oposa 100 adafa.

Tsono kukonzanso zinthu kuti zigwirenso ntchito, apa ndikufuna tinene chilungamo chifukwa si zonse zomwe zimatheka mofanana.

Aluminiyamu, uja wa zitini za zakumwa, ndiye mfumu yake. Kuti apangidwe watsopano pamafunika kukumba miyala ya bauxite, kuiyenga kenako kuisungunula ndi magetsi ochuluka zedi, pomwe kusungunula chitini chakale kumangodya pafupifupi 5 pa 100 ya mphamvu imeneyo, ndipo chitsulocho sichitopa, chitha kubwerera kambirimbiri chili chomwecho. Chitini chotayidwa m'ngalande ndi magetsi otayidwa. Galasi la mabotolo nalonso limasungunulidwa mobwerezabwereza osaguga, bola musaphatikizemo makapu adothi, mbale kapena magalasi a mawindo chifukwa izi zimasungunuka mosiyana ndipo zimaononga mphika wonse. Pepala limabwerera ka 5 mpaka ka 7, ulendo uliwonse timaulusi take timafupika mpaka timalephera kugwirana, komabe maulendo amenewo ndi mitengo ndi madzi zomwe zapulumuka.

Pulasitiki ndiye nkhani ina, ndipo imandipweteka mtima chifukwa anthu adauzidwa zosakwanira. Kafukufuku wa 2017 adawerengera kuti pa zinyalala zonse za pulasitiki zomwe dziko lonse lapansi lidatulutsa kufika 2015, zomwe zidakonzedwanso ndi 9 pa 100 basi, 12 zidaotchedwa, zotsalazo 79 zili m'mitaya, m'mitsinje, m'nyanja ndi m'minda. Kachizindikiro ka mivi itatu kali kunsi kwa botolo kaja anthu amaganiza kuti kakulonjeza kuti chinthucho chikakonzedwanso, ayi, nambala ili pakatiyo imangonena mtundu wa pulasitiki. Nambala 1 ndi ya mabotolo a madzi ndi zakumwa, nambala 2 ndi ya zigubu zolimba, awiri amenewa ndiwo amapeza msika mosavuta. Majumbo opyapyala, timapaketi tonyezimira m'kati tomwe ndi pulasitiki yomatidwa ndi chitsulo, timbale tofewa toyera toikamo zakudya zogula, zimenezi kawirikawiri palibe amazifuna, kuzitsuka ndi kuzinyamula kumadya ndalama zambiri kuposa zomwe zingatulukemo. Ndipo pulasitiki siwola ngati tsamba, imangophwanyika nkukhala tizidutswa tosaoneka ndi maso tomwe pano tikupezeka m'nsomba, m'madzi akumwa ngakhalenso m'magazi a anthu. Ndiye kwa mtundu umenewu mankhwala ake ndi kusaulandira kumene, kuyenda ndi chikwama chanu, kugula chachikulu chimodzi m'malo mwa timapaketi khumi, kugwiritsanso ntchito botolo lomwe muli nalo.

Ena amati ine zanga ndimangootcha madzulo, pakhomo pamakhala poyera. Chonde abale, izi ndiye zoopsa kuposa zonse. Moto wa padzala ndi wozizira poyerekeza ndi wa ng'anjo zomangidwira ntchito imeneyi, suotcha nkumaliza, ndiye pamene muli pulasitiki makamaka ya nambala 3, ija ya mapaipi ndi zokutira mawaya, pamatuluka poizoni wotchedwa dioxin amene bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati amayambitsa khansa komanso amasokoneza kakulidwe ka mwana m'mimba. Poizoniyu sathera mu utsi, amatsalira m'phulusa ndi m'dothi, nkhuku zikamatola pamenepo amalowa m'mazira. Utsiwo woyamba kuupuma ndi mwana amene akusewera pafupi ndi gogo wa chifuwa cha mphumu nyumba yoyandikana nayo.

Palinso tizinthu tochepa tomwe sitiyenera kulowa mu bini wamba olo pamoto. Mabatire a galimoto ndi ambiri a sola ali ndi mtovu ndi asidi, ndipo mtovu umaononga ubongo wa ana osabwereranso. Mabatire a foni akaphwanyika amayaka okha. Mababu aatali oyera aja ndi opindikapindika ali ndi mercury, chitsulo chapoizoni. Zimenezi zisungeni pouma pomwe ana safika, mabatire akuluakulu abwezeni kwa ogulitsa kapena kwa amene ali ndi chilolezo chowakonzanso.

Pakhomo poyambira sipafuna ndalama. Ndowa imodzi ya zowola, thumba limodzi la zouma, ndi kabokosi ka zoopsa zija. Zitini ndi mabotolo muzitsukuluza pang'ono ndi madzi otsala potsuka mbale nkuziphwanya kuti zisadye malo, makatoni muziwapinda nkuwaika posanyowa. Zowolazo ngati muli ndi kamalo ziunjikeni pamthunzi mosinthanitsa, zaziwisi pang'ono kenako zouma monga masamba ogwa ndi timakatoni tong'ambang'amba, muzithirira kuti pakhale chinyezi koma pasachite dambo, ndipo muzitembenuza sabata iliyonse kapena ziwiri kuti mpweya ulowe. Mukapisa dzanja nkumva kutentha dziwani kuti zikuyenda, mulu wabwino umafika madigiri 55 mpaka 65 ndipo kutentha kumeneko kumapha njere za udzu ndi tizilombo tambiri. Ukayamba kununkha ndiye kuti wanyowa kwambiri, onjezani zouma mutembenuze. Nyama, mafupa ndi mafuta musaikemo, zimaitana makoswe ndi agalu. Pakatha miyezi itatu kapena inayi mumapeza dothi lakuda lofewa loti muthire m'dimba kapena m'maluwa, ndipo ngati mulibe malo funsani neba amene amalima, ambiri amalandira ndi manja awiri.