Bukhu la sosaite ndi chipukuta misozi cha ku Harare

Lamulungu loyamba la mwezi, kuseri kwa nyumba ina ku Mabvuku, mlembi wa sosaite yathu ya maliro amatsegula bukhu lachikuto cholimba n'kuyamba kuitana mayina. Woitanidwa amadzuka, kuika madola ake m'mbale, mlembi n'kuchonga. Mwezi wathawu mnyamata wina wogulitsa inshuwalansi anabwera ndi mapepala ake osalala. Anamulandira bwino, anamupatsa mpando ndi thobwa, anamumvetsera mpaka kumapeto. Kenako agogo ena anamufunsa kuti: "Mwana wanga, ndikadzafa usiku, kampani yakoyo idzabwera kudzasonkha moto pasiwa?" Palibe anasaina. Mnyamatayo ayenera kuti anapita akuti ndi umbuli, koma kukayika kumeneku kuli ndi mbiri yake.

Makolo athu ochokera ku Malawi anayamba kulowa m'dziko lino la Zimbabwe kalekale, wapansi, kudzera ku Tete. Mu 1903 azungu anakhazikitsa bungwe lolemba anthu ntchito la Rhodesia Native Labour Bureau, ndipo ntchito ya kontilakitiyo anthu anaitcha chibalo. Pambuyo pake kunabwera malole a Ulere ndi a Mthandizi onyamula anthu ofuna ntchito, ndipo m'zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963, a ku Nyasaland anadzaza m'mafamu a fodya, m'migodi, m'mafakitale a Salisbury (lero Harare) ndi m'makhichini a azungu. Ambiri sanabwererenso. Kumudzi anawatcha matchona.

Munthu wotere akafa, mtembo wake unalibe mwini. Mshona anali ndi kwawo kufupi, abale ankabwera kudzamutenga. Wa ku Dedza kapena ku Mangochi ankatha kuikidwa ndi akaidi ngati wosowa mtundu. Masosaite a maliro anabadwira pamenepo: anthu a boma limodzi, a mpingo umodzi, a mzikiti umodzi kapena a dambwe limodzi ankasonkha kuti mnzawo apeze bokosi, nsalu ndi omulira. Inali inshuwalansi ndithu, kungoti yopanda loya.

Nanga wovulala osafa? Agogo anga aamuna anataya zala zitatu za kumanja pa makina a fakitale ina ku Southerton. Anawamanga bala, anawapatsa ndalama kamodzi mu envelopu, anadinda chala cha kumanzere papepala lomwe sanaliwerenge, nkhani n'kuthera pompo. Pepalalo lidakali m'bokosi lawo lachitsulo, lachita chikasu, lapindidwa kanayi. Dzina lili pamenepo si lawo lenileni. Kalaliki wa pa malire analemba zomwe khutu lake linamva, ndipo dzina la bambo awo analisandutsa "Blantyre". Pa chitupa pali dzina lina, pa kalata ya ubatizo lina. Munthu mmodzi, mayina atatu. Mlandu wa chipukuta misozi umayenda ndi mapepala, ndiye woteroyo angayambire pati?

Ngozi yomwe dziko lonse silinathe kuibisa inachitika pa 6 June 1972 ku mgodi wa malasha wa Wankie, komwe lero ndi ku Hwange. Mpweya unaphulika mu shafuti ya Kamandama, anthu 427 anafa, ena mwa iwo Amalawi. Mitembo yambiri sinatulutsidwe, shafutiyo anaitseka ndi simenti n'kukhala manda. Mpaka lero tsikuli limakumbukiridwa chaka ndi chaka, ndipo akazi amasiye otsala amapitako kukaika nkhata.

Ufulu utabwera zinthu zinasinthadi. Lamulo la 1989 linakhazikitsa NSSA, bungwe la boma loona za penshoni ndi chitetezo cha antchito, ndipo mu 1990 kunatuluka ndondomeko ya chipukuta misozi cha ovulala pantchito. Mwini kampani ndiye amalipira ku thumbalo, wantchito sadulidwa kanthu. Ukavulala sufunika kutsimikiza kuti bwana analakwa. Thumba limalipira chipatala, ndipo ukalumala pali penshoni komanso malo ophunzitsirako olumala ku Bulawayo. Posinthana ndi zimenezi, njira yosumira bwana kukhoti monga mwa nthawi zonse inachepetsedwa. Ndi lamulo labwino, sindingalinyoze. Koma antchito a m'nyumba analisiya kunja, pomwe Mabvuku, Tafara ndi Dzivarasekwa anamangidwa makamaka kuti musungidwe ophika ndi osamalira maluwa a m'mayadi a azungu. Ntchito yomwe anthu athu ambiri ankagwira ndi yomweyo lamulo linailumpha.

Kenako kunadza mavuto awiri otsatana. Mafamu atayamba kulandidwa mu 2000, antchito ambiri anachoka opanda kalata iliyonse yosonyeza zaka zomwe anagwira, ndipo lamulo la unzika la 2001 linasiya ana obadwira konkuno ali ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 ndiwo anawabwezera unzika. Lachiwiri linakhudza aliyense, Mshona, Mndebele ndi ife tomwe: kugwa kwa ndalama mu 2008. Anthu amene anasonkha inshuwalansi ndi penshoni kwa zaka makumi awiri anapeza kuti, dziko litayamba kugwiritsa ntchito dola ya ku America mu 2009, zawo zonse zasanduka ndalama yosakwana ngakhale thumba la ufa. Boma linaika komiti yofufuza mu 2015, yotsogoleredwa ndi woweruza wopuma George Smith, ndipo inapeza kuti anthu analandidwadi ndipo ayenera kubwezeredwa. Agogo amene anafunsa za moto pasiwa aja ndi mmodzi wa otaya ndalama nthawi imeneyo. Sosaite nayo inagwedezeka chaka chimenecho, koma anthu anasintha n'kuyamba kusonkha ufa, nkhuni ndi matabwa, maliro n'kumayenda.

Lero ngozi zambiri zili pamsewu. Lamulo limati galimoto iliyonse ikhale ndi inshuwalansi yolipira amene yamuvulaza, koma ndalama zake n'zochepa poyerekeza ndi bilu ya ku chipatala chachikulu cha Parirenyatwa, ndipo mushikashika (galimoto yonyamula anthu popanda chilolezo) ukakugunda pa Mbare Musika, mwayi ndi woti dalaivala aime n'komwe. Kusuma n'kotheka, bola usadutse zaka zitatu, koma loya amafuna zake poyamba, ndipo anthu anaona kale mmene ndalama yolamulidwa ndi khoti imasungunukira mlandu usanathe. Ambiri amangokhalirana pansi: banja la dalaivala ligule bokosi, lipereke chakudya cha pamaliro, lipepese.

Apa pali chinthu chimene chimandisangalatsa. Kwa ife ngozi ndi tsoka la mwadzidzidzi. Kwa anansi athu Achishona, ngozi ndi mzimu wa munthu wophedwa umene umavutitsa banja la wolakwa mpaka litalipira ng'ombe. Dalaivala amene saopa samani ya khoti, imeneyi amaiopa. Chaka chatha membala wathu atagundidwa ndi kombi, mwini kombiyo anabwera yekha pasiwa ndi malume ake, atanyamula mbuzi ndi envelopu. Anagwada pakhomo, akuomba m'manja mwa Chishona. Tcheyamani wathu anawerenga ndalamazo pamaso pa onse, mlembi analemba m'bukhu lomwe lija, ndipo mbuziyo inaphedwa m'mawa mwake tisanapite ku manda a Mabvuku.